Botolo la Bambo wa M'wayilesi

Amuna anga pobwerera kumigodi anandisiyira wayilesi. Inali yozungulira ngati sefuliya, ndipo batire lake linkalemera kuposa iyo. Ndinali pachitengwa kwa Zingalume, kutali ndi kwathu ku Pembamoyo, ndipo dzinja linali litadutsa kangapo ndisanabereke mwana kumbuyo.

Dzuwa likapendeka anthu ankadzaza pakhonde panga kudzamvera nyimbo. Sankadzera ine. Nyimbo zikatha ankanyamuka, ena osatsazika n'komwe. Apongozi anga aakazi ankandiyankhula pokhapokha akafuna mtondo kapena moto.

Chaka china m'wayilesimo munayamba kumveka bambo wotsatsa mankhwala a m'botolo. Mawu ake anali ofatsa, ngati a munthu amene mwakhala naye pamphasa imodzi. Ankati, "Mayi, mwatopa kodi? Magazi achepa. Imwani supuni imodzi m'mawa, nyumba yanu idzadzaza ana." Kenako kankalira kanyimbo. Pakangopita nthawi pang'ono, uyo wabweranso, mawu omwewo, kupumira pomwepo. Ana a m'mudzimo anakaloweza kanyimboko, ndipo ankakaimba ndikamadutsa ndi mtsuko. Amayi awo sankawaletsa.

Ndinkadziwa kuti bamboyo akuyankhula ndi dziko lonse. Komabe akati "Mayi", ndinkasiya kuswa mtedza n'kutchera khutu. Panalibe wina wonditchula choncho.

Titakolola ndinasenza mtedza kupita kusitolo ya kumsewu waukulu, osauza munthu. Botolo la mankhwala limene ndinagula ndi mtedzawo linali laling'ono kuposa momwe ndinkaganizira. Potuluka ndinapeza mayi wina wachikulire pakhonde la sitoloyo akukulunga botolo lofanana ndi langa m'nsonga ya nsalu yawo. Tinayang'anana, tonse n'kugwetsa nkhope. Popeza njira inali imodzi, tinanyamukira limodzi.

Anali a kwa Mlolo. Anandiuza kuti amuna awo anapita ku Halale kalekale, ndipo mabotolo opanda kanthu anali atawunjikana kuseri kwa nkhokwe yawo. Nditawafunsa ngati mankhwalawo amathandiza, anati amatsekemera, basi.

"Nanga mwaguliranji lina?" ndinatero.

"Munthu akamakupempha chinthu tsiku ndi tsiku, mwaulemu chonchija, umachita manyazi kumukaniza," anayankha. Tinayenda pang'ono, kenako anandifunsa za amuna anga. Nditawafotokozera, anaima pakati panjira. "Mwana wanga, mwana angalowe bwanji m'nyumba mwini wake ali kumigodi? Kodi m'botolomo muli mwamuna?"

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kusekako kunasanduka kulira ine osadziwa. Iwo sanandiletse. Anakhala pambali panga pamthunzi wa msuku, n'kumathothola chisoso pansalu yanga mpaka ndinatonthola. Tinasiyana pamphambano. Sindinawafunse mudzi wawo weniweni, ndipo sindinawaonenso.

Mankhwalawo ndinamwabe, supuni imodzi m'mawa, mpaka anatha. Ankakoma ngati madzi a shuga wopserera. Palibe chinasintha m'thupi mwanga.

Pofika nthawi yososa m'minda, batire linayamba kufooka. Ndinkaliyanika padzuwa, koma mawu ankangocheperachepera, ndipo pakhonde panga anthu anasiya kubwera. Ndinkakhala ndekha, khutu nditaligunditsa pawayilesi, kumvera bambo uja akundifunsa chapansipansi ngati ndatopa. Sindinkamukhulupiriranso, koma sindinkazimitsa.

Amuna anga sanabwere. Mnzawo wina wochokera kumigodi ndiye anaulula kuti akukhala ndi mkazi wina kumeneko. Mvula yoyamba itagwa, malume anga anabwera ndi njinga kudzanditenga. Apongozi anati wayilesi ndi ya mwana wawo, ine n'kuisiya. Anandiperekeza mpaka pamapeto pa mudzi, ndipo kumeneko anandipatsa kathumba ka nyemba za mbewu.

Panjira malume sanandifunse zambiri. Titatsika njinga kuti tiwoloke mtsinje, anangondiuza kuti amayi andisungira dimba la kumunsi, loti likufunika mpanda mbuzi zisanalizolowere.