Sole wa Hamidu

Mphwanga Hamidu, wakabaza pa Benga, anagula njinga yopanda belu, ndiye mmalo mwake anaikapo mawu a Chingerezi akuti “sole”. Akafuna njira, sole. Akaponda phazi la munthu, sole. Akamakana kunyamula thumba la makala, sole. Ngakhale pofunsira Mwajuma wa ku Chia anayamba ndi sole, ine ndinalipo. Mbuzi za pa Benga zinawazolowera mawuwo moti zikangowamva zimapatuka zokha, ina mpaka kuyankha. Dzina la Hamidu linafa, anthu n’kumangoti Sole.

Tsiku lina m’dzinja, atakweza mayi wa nsapato zazitali, anapeza mzimayi atasenza dengu la mpunga pafupi ndi msika. Anamukhudza ndi chigongono, mzimayiyo khu! m’matope, mpunga mbwee. Hamidu anaponya sole wake osacheuka. Mzimayiyo anali Mwajuma, mkazi wake, mayi wa mwana wake Nadia. Msika wonse unaona, ndi nsomba zouma zomwe.

Mwajuma sanalongolole. Anamanga zovala zake nabwerera kwa makolo ake. Hamidu anatumiza sole wambirimbiri pafoni mpaka foni inatentha, koma yankho silinabwere. Mnyamata anaonda, njinga n’kumaoneka yonenepa kuposa mwini wake.

Basi ine nkhoswe ndinamutenga ulendo wa ku Chia. Tinakhala pamphasa, a Adamu, bambo a Mwajuma, ali patsogolo pathu, ana atadzaza kuseri kwa mpanda.

“Lankhula, mphwanga,” ndinamugunyuza.

Anayang’ana pansi. “Sole kwambiri, bambo.”

Kuseri kwa mpanda kunaphulika phwete. Ine ndinalakalaka mphasa itandikulunga n’kukanditaya m’nyanja.

Mwajuma anayankha ali pakhomo. “Sole ameneyo ndi wa pamsewu, bambo a Nadia. Mumapatsa mbuzi, mumapatsa agalu. Inenso munandipatsa kale, ndili m’matope.”

Thukuta limene linamutuluka Hamidu likanathirira dimba lonse la mpunga. Kenako anatsika pamphasa, nagwada pa dothi, pamaso pa ana onse aja.

“Pepani, mayi a Nadia. Ndinakugwetsani, sindinacheuke. Ndinalakwa.”

Panalibe anaseka. A Adamu anayang’ana mwana wawo.

“Ndamva,” anatero Mwajuma. “Koma ndinagwera pamsika. Mukandidutsitse pomwepo.”

Anamukwezadi, dzuwa lili pamutu, namudutsitsa pakati pa msika pang’onopang’ono ngati wanyamula mazira. Anzake akabaza ankakuwa kuti, “Sole, wapeza kasitomala!” Iye maso pa tayala, makutu akuyaka. Pamalo paja anaima, natsika, namugwirira njinga mkazi wake mpaka mapazi onse atafika pansi.

Lero njinga ija ili ndi belu. Mbuzi za pa Benga sizinalizolowere, moti amachita kuziyembekeza ziwoloke.