Zitenge Zimene Ndinabweza Zosadula

Shopu yanga yosokera ku Kanyama inali kachipinda kamodzi: makina, tebulo ndi ine. Wodula ndine, wosoka ndine, wokagula ulusi kutauni ndine, wopepesa makasitomala ndinenso. Anthu ankati ndine mkazi wolimba. Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero, chifukwa wolimba safunsidwa ngati watopa.

Mwana wa mkulu wanga atatsala pang'ono kukwatiwa, azimayi okonza kicheni pate yake, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, anagula chitenge cha mtundu umodzi kuti patsikulo adzafanane, monga timachitira. Mkulu wangayo anawalozera onse kwa ine osandifunsa n'komwe.

"Pelekani kuli mufana wanga," ankawauza. "Uja sakana."

Zitenge zinaunjikana pakona mpaka kufika pawindo, pamwamba pa mayunifolomu a ana asukulu amene ndinali nditalonjeza kale. Magetsi nawo ankabwera akafuna. M'mawa wina ndinayala chitenge patebulo, ndinalemba ndi choko, ndinagwira sizasi, koma dzanja linakana. Sindinkadwala ayi. Mutu unangoima. Masiku otsatira ndinkatsegula shopu, kusesa, kenako kukhala pansi n'kumayang'ana mulu uja. Munthu akagogoda, ndinkangoti zii ngati mulibe munthu. Ndinkaopa kuti shopu ifera m'manja mwanga ndikuona.

Nditamuuza mkulu wanga, anaseka. "Iwe naiwe, ni ulesi chabe uyo. Pemphela, uzasiliza."

Ndinabwerera nditapsa mtima. Popinda chitenge chinali patebulo chija, ndinaona choko chikufufutika ndi dzanja, nsalu n'kukhala ngati yatsopano. Apo mpamene ndinazindikira kuti nsalu yosadula ikadali ya mwini wake, koma ukangoidula wasenza mlandu. Ndinapatula ya mkwatibwi ndi ya mayi ake, mkulu wanga uja. Zina zonse ndinamanga mtolo, ndinasenza pamutu, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo m'matope.

"Siningakwanise, amai. Pelekani kwina nthawi ikalipo."

Ena analandira atakwinya nkhope. Wina anatsonya n'kundimenyetsera chitseko. Manyazi anandigwira, koma nditafika kushopu sizasi inalowa m'nsalu ngati kale. Madiresi awiriwo ndinawasoka ndi mtima wonse, mayunifolomu aja n'kumalizanso.

Tsiku la kicheni pate ndinapeza achibale onse atafanana, kuyambira azakhali mpaka azilamu. Chitenge chimene ndinayenera kuvala ine anali atapatsa wina. Ndinakhala kumbuyo ndi diresi langa la kutchalitchi, ndikumva anthu akuyamikira msoko wa diresi la mkwatibwi.

Mkulu wanga anadutsa ndi apongozi ake atsopano, atavala diresi lomwe ndinamusokera ine. Apongoziwo anaima n'kufunsa kuti ndine yani. Ine ndi mkulu wangayo tinayamwa bere limodzi, koma sanandiyang'ane n'kumaso komwe.

"Aba?" anatero. "Aba ni ba telala."