Chala cha Amayi a Kochapira

Amayi a kochapira zovala sadziwa kulemba, koma mapepala a bungwe lathu la ogwira ntchito pachipatala amayenda nawo ndi iwo. Nthawi yokambirana mgwirizano watsopano ndi mabwana ikayandikira, umawaona m'makonde, pepala lili m'thumba la apuloni, akuimitsa anamwino, ophika ndi okolopa. Safuula ayi. Amangokugwira dzanja, iwe n'kumva chikhatho chokhakhala ngati khungwa, kenako amati, "Saina, mwananga. Anga manja anatha kale, ndikumenyera akowa."

Chaka chino tikupempha magolovesi olimba. Mlungu watha anasainitsa aliyense, ngakhale mlonda wathu wamantha. Pomaliza anaviika chala chawo chachikulu mu inki n'kudinda pansi penipeni. Ine ndinawaperekeza kukapereka pepalalo ku ofesi ya mabwana.

Kalaliki anayang'anitsitsa pepalalo. "Amayi, apa mizere ya chala sikuoneka. Tadindaninso."

Anadinda kachiwiri, kachitatu, koma ankangotuluka madontho akuda. Mankhwala ochapira a zaka makumi atatu anadya mizere yonse.

"Pepani, dzina lanu lokha sitiliwerengera," anatero kalalikiyo, mwaulemu ndithu.

"Palibe kanthu, bambo," anayankha amayiwo, akupukutira chala pa apuloni. "Koma madonthowo musafufute. Abwana akafunsa chimene tikufuna, mudzawaonetse amenewo."

Zokambirana azisunthira mwezi wamawa. Lero m'mawa ndawapeza kochapira, atawerama pa nsalu za kuthiyeta kochitira opaleshoni, manja ali m'madzi mpaka m'zigongono.