Mbulanda ndi madzi a fodya

Ndikukumbukira chaka chimene atsibweni anga, a Lufeyo, anabwerako kunkhondo yaikulu ija. Ndinali ndi zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi. Ife tinkakhala kufupi ndi Nsaru, iwo anakwatira ku Kabudula. Tsiku lina anatulukira ndi galu wamkazi, dzina lake Zatha, nauza amayi kuti, "Mlongo, uyu azikulonderani mbuzi. Ali ndi bere kale." M'mawa mwake anabwerera kwa akazi awo.

Zatha anaswa mu Juni, kuseri kwa chigafa cha fodya, kukuzizira koopsa. Ana asanu. Atatu anali ndi ubweya ngati agalu onse, koma awiri, mayo ine, analibe ndi kaubweya komwe. Khungu lokhalokha lotuwa, ngati ana a mbewa. Kamodzi kanafa tsiku lachitatu. Kotsalako ndinakatola ine, n'kumakafunditsa kansalu kanga. Anzanga ankaseka kuti ndabereka mwana wosavala, ndipo anakatcha Mbulanda. Ine sindinakane dzinalo. Kanali kotentha ngati mbatata yongophula kumene, ndipo kakagona pamimba panga sindinkamvanso kuzizira.

Atate sanasekerere. Anakayang'ana patali, osakakhudza.

"Mphere zimenezi," anatero. "Kanzake kafa kale. Mawa zigwira mbuzi, mkuja zigwira ana."

"Koma sikakanda, atate."

"Iwe Felesita, ukundiphunzitsa ine agalu? Ndakupatsa masabata atatu. Lamulungu lachitatulo likafika ubweya usanamere, ndikakaponya kudambo."

Atate sanali munthu wankhanza ayi. Chaka chapitacho mphere zinatiphera mbuzi zinayi. Koma ine ndinawada masiku amenewo, ndisaname.

Ndinayamba ndi mafuta a nsatsi. Kagalu kanangonyezimira basi. Lamulungu ndinanyika nsonga ya nsalu yanga m'madzi odalitsa apakhomo la tchalitchi, ndinaifumbata ulendo wonse, n'kudzakapukuta nayo pamsana. M'mawa uliwonse ndinkakatembenuza padzuwa, kufufuza kaubweya ngakhale kamodzi. Kanali ndi tiubweya pang'ono pamutu ndi kunsonga ya mchira, ndipo itoto sitinawonjezeke. Kameneko kankadya bwino, kankandiluma zala, kosadziwa kuti masiku akutha.

Sabata lomaliza ndinakumbuka mmene atate ankasambitsira mbuzi zamphere ndi madzi a fodya. Lachiwiri ndinaba masamba atatu a chikopa m'chigafa, fodya wakuda wofukiza utsi uja, ndi kuwaviika m'phale. Ndinati mankhwala akakhala amphamvu ubweya umera msanga, ndiye ndinawasiya masiku awiri mpaka madzi anada bii. Lachinayi m'mawa, akuluakulu atapita kukasankha fodya, ndinakasambitsa thupi lonse. Ndinatikita ndithu, mpaka m'khwapa ndi kumimba.

Sipanapite nthawi kanayamba kutuluka dovu. Kenaka kusanza, kenaka kunjenjemera miyendo yonse. Ndinakatsuka ndi madzi akumwa, ndinakama mbuzi kuti ndikamwetse mkaka, koma mkaka unkangotayikira pambali. Ndinathamanga nako kwa amayi ndikukuwa. Iwo ananunkhiza nsalu yanga, nagwira pakamwa.

"Mwana iwe, mbuzi ili ndi ubweya! Aka n'kakhanda, khungu lili pamtunda!"

"Ndiye titani, amayi? Titani?"

Amayi anangokhala pansi pafupi nane. Panalibe chochita, tinangoyang'ana. Dzuwa lisanafike paliwombo Mbulanda kanali kataleka kunjenjemera. Ndinakakwirira ndekha kuseri kwa chigafa komwe kanabadwira.

Loweruka atsibweni anabwera kudzaona ngati Zatha anaswa. Pambuyo pawo pankabwera galu wamphongo wamkulu, wonenepa, akugwedeza mchira. Analibe ubweya. Tiubweya pamutu, tiubweya kumchira, kwinako khungu lotuwa see.

"Kodi nayenso ndi wamphere, alamu?" anafunsa atate.

Atsibweni anaseka. "Mphere zanji? Ndinabwera naye kunkhondo ameneyu, ndi mtundu wake. Ndiye bambo wa ana a Zatha. Akakwera galu waubweya, ana ena amatengera iye, ena mayi wawo. Onani, ngakhale mano ena alibe, anabadwa choncho. Kumene ndinamutenga anandichenjeza chimodzi chokha, kuti opanda ubweya awiri osawakweretsa, ana ena amafera m'mimba. Kuzizira ndiye mdani wawo. Nanga palibe amene watengera bambo wake?"

Amayi analoza kamtumbira kaja ndi mlomo. Atate anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati nthawi yaitali, nalowa m'chigafa. Sanandikalipire za fodya wobedwa uja, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndalera ana ndi zidzukulu. Mmodzi anabadwa wamanzere, wina wachibwibwi, ndipo anthu achifundo sanasowe obwera ndi mankhwala. Onse ndinkawafunsa kaye kuti, kodi mwanayu wadandaula kuti penapake pakupweteka? Mbulanda sikanadandaulepo. Kankadya, kankasewera, kankagona tulo. Tonse tinakaona ngati kodwala chifukwa sikankafanana ndi anzake, ndipo amene anakapha ndi ine amene ndinkakakonda. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wonyowa mtima umandiwawa. Atsibweni anafika Loweruka, tsiku la atate linali Lamulungu. Ndikanangokafunditsa kansalu kanga masiku awiri okha, osachita china chilichonse, kakanakula.