Mwana Kumsana, Foni Kumaso

Mwana wanga atafika zaka ziwiri ndi theka asanatchule ngakhale "amama", ndinayamba kupita ku laibulale ina ku Chileka. Osati kukawerenga mabuku ayi. Kumeneko kuli intaneti yaulere, pomwe kwathu ku Lirangwe bandulo inkatha ndisanamalize kufunsa zomwe zinkandidya mumtima.

Apongozi ankangoti, "Anyamata amachedwa. Bambo akewa analinso duu, lero kuwakhalitsa chete ndi ntchito." Ine ndinkangoseka nawo.

Laibulaleyi ndinkaidziwa kuyambira ndili ku koleji. Nthawi imeneyo tinkalimbirana buku limodzi, ndipo mayi woyang'anira sankalola munthu kugwira buku asanasambe m'manja pa ndowa ya pakhomo. Ndowayo ikadalipo, koma madzi ake amangofunda ndi dzuwa. Anthu salowanso. Amandanda pakhonde, pansi pa zenera pomwe netiweki imakoka bwino, aliyense atazyolikira foni yake: ana a fomu folo, ofuna ntchito ku bwalo la ndege, ngakhale akabaza.

Nanenso ndinapeza kakona kanga. Mwana kumsana, chitenje ndamanga zolimba, ine n'kumawerenga pa foni za ana osayankhula. Tsamba lililonse linkabwera ndi dzina la matenda loopsa kuposa linzake. Funso lina linkangobwerezedwa: kodi mwana wanu amakulozerani zinthu kuti nanunso muone? Sindinkadziwa yankho. Ndinkangopitirira, n'kutsegula tsamba lina.

Tsiku lina mvula ikuyamba, magetsi anathima, intaneti n'kupita nawo.

"Basi, sukulu yatsekera!" anatero wakabaza wina, khonde lonse n'kubalalika.

Mayi woyang'anira uja, amene tsopano ali ndi imvi, anasuzumira pazenera. "Lowani achemwali, mwanayo anyowa. Ndipo mumutsitse. Wakhala akuwerenga msana wanu chibwerereni."

Ndinasamba m'manja mosauzidwa, n'kumusambitsanso mwanayo. Mkati munali fungo lomwe lija la mapepala akale. Nditamutsitsa anathamangira ku shelefu ya m'munsi, n'kugwetsa mabuku angapo. Ndisanapepese, anali atatsegula lina. Munali chithunzi cha ndege.

Anaika chala pamenepo. Anandiyang'ana m'maso. "Vuu," anatero, n'kuloza kudenga, n'kundiyang'ananso ngati akuti, inu simukuiona?

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Ndege zotera ku Chileka zimadutsa pamwamba pa khonde lija. Mwina ulendo uliwonse ankaziloza ali kumsanako, ine maso ali pa foni kufunsa anthu akutali ngati mwana wanga amaloza.

Sindikunena kuti foni inandinamiza. Ndi yomweyo inandilimbitsa mtima kuti ndipite naye ku chipatala akamuyeze makutu, ndipo tikudikira kuti atiitanenso. Mantha sanathe. Nthawi zina ndimapezeka ndayambanso kufufuza. Mawu enieni mwanayu sanatulutsebe.

Koma tikafika ku laibulale masiku ano timapitirira khonde. Anzanga akale amandiseka, "Achemwali, mkatimo netiweki siifika!" Zoonadi, siifika bwino. Buku la ndege lija tinkalibwereka mpaka chikuto chinayamba kusosoka, mayi uja n'kuchimata ndi selotepi osadandaula.

Timakhala moyang'anizana, iye ndi ine. Akati "vuu", ine ndimati "ndege". Amasiya chithunzicho n'kumandiyang'ana pakamwa.