Munda wako ukali wofiila pa dashibodi

Masauso m'bale wanga, lelo chaka chakwana chimwalilile iwe. Sindinalile. Ndinapita kunchito ku Petauke monga masiku onse. A Tembo, amene anatenga mpando wako, anandionetsa kadontho kofiila pa dashibodi, tsamba la pakompyuta loonetsa minda ya alimi athu, nati, "Munda uwu wa ku Mwape suonetsa zokolola. Tiufufute?" Sanadziwe kuti ndi wako, popeza kadonthoko sikaonetsa dzina.

Ukumbukila tsiku lija tinaika pulogalamu yofufuzila maina a alimi pa seva ya pa intaneti? Tinali ku Nyimba, netiweki ingodukaduka. Iwe unakwela pa chulu utakweza foni m'mwamba, ine ndili pansi, laputopu pamaondo. Pulogalamu itayamba kugwila nchito, munalibe dzina ngakhale limodzi loti tifufuze. Unati, "Lemba munda wanga wa nshawa tiyesele, tidzafufuta mawa." Ndinalemba. Dzina lako litatuluka, unavina pachulu pompo mpaka foni kugwa. Tinaiwala kufufuta. Lelo a Tembo anaima pambali panga kudikila yankho, ine maso pa kadontho kaja, osamva chilichonse mumtima. Ndinangoti, "Usiyeni, bambo. Mwini wake akalibe kukolola."