Mavesi amene ndinkakukoperani, Ababa

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndakumbukira Lachisanu lija mutangoweruka kothyola tiyi ku esiteti, maso atayamba kale kukuvutani. Munkafuna mavesi a ulaliki wa Sabata. Ine ndinangowakopera kuchoka m'Baibulo la pa laputopu, n'kuwamata patsamba lina, n'kukulitsa zilembo kuti tikapulinte ku Luchenza. Posakhalitsa ndinati ndamaliza.

Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, wawerengako ngakhale limodzi? Tandiwerengera ndimve." Ndinanyinyirika, komabe ndinawerenga onse, inu mutatsinzina, mukutsatira chapansipansi. Sindinadziwe kuti ngakhale zilembo zazikuluzo simunkazionanso. Amayi ndiwo anandiuza titakuikani m'manda, kuti kutchalitchi munkanena mavesiwo pamtima, pepalalo mukungoligwira kuti ine ndisakhumudwe. Gonani bwino, Ababa.